Khansa ya m'matumbo ikamabwereza m'banja limodzi

Pa maliro a anthu athu muno mu Harare, kaya ndi ku Mbare, ku Mufakose, ku Mabvuku kapena ku Epworth, pali mawu amene amatuluka usiku kwambiri, nyimbo zikaduka ndipo otsala pamoto ndi akuluakulu okhaokha. Wina amati, "Kwawoku amapita chonchi. Bambo awo vuto linali m'mimba momwemu, azakhali awo aja chimodzimodzi, onsewo asanamere imvi." Ena amangogwedeza mutu, kenaka nkhani imakhotera kwa amene akuganiziridwa kuti ndiye akutha mbumba. Mbali yoyamba ya mawuwa nthawi zina imakhala yoona, ndipo dokotala wa matumbo ataimva akhoza kusiya zonse n'kutenga cholembera. Alipodi mabanja amene khansa ya thumbo lalikulu ndi ya kumtundu. Si ambiri, koma kwa iwo nthendayi imabwera msanga ndipo imagwira anthu angapo motsatizana. Chimene chimandiwawa n'chakuti khansa imeneyi ili m'gulu la makhansa ochepa amene munthu angawatsekereze asanayambe n'komwe, banja likangodziwa.

Thumbo lalikulu ndi chigawo chomaliza cha matumbo, chotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Limayambira kumunsi kwa mimba cha kumanja, limakwera, limadutsa chopingasa, kenaka limatsikira kumanzere mpaka kotulukira chimbudzi. Khansa ya m'menemu kawirikawiri imayamba ngati kamnofu komera pakhoma la thumbo, kamene madokotala amati polyp. Kamnofuko sikapweteka, mwini wake sadziwa kuti kalipo. Timinofu tambiri timangokhala choncho mpaka munthu kukalamba, koma tina, pakapita zaka 10 kapena kuposerapo, timasanduka khansa. Kakadulidwa kasanasinthe, khansa imene ikanachokera pamenepo yathera pomwepo. Chisamaliro chonse cha mabanja amene ndikunenawa chagona pa mfundo imeneyi.

Anthu ambiri mu Zimbabwe anayamba kuitchula nthendayi poyera pamene a Morgan Tsvangirai, amene anali mtsogoleri wa chipani chotsutsa cha MDC, analengeza mu 2016 kuti awapeza nayo, ndipo anamwalira ku Johannesburg pa 14 February 2018 ali ndi zaka 65. Msinkhu umenewo ndi umene khansayi imakonda padziko lonse. Odwala ambiri amakhala opitirira zaka 50, ndipo kwa ambiriwo palibe cha kumtundu chilichonse: ndi ukalamba, kadyedwe, kunenepa, fodya, mowa, mwinanso tsoka chabe. Pa odwala 100 alionse, pafupifupi 5 ndi amene nthenda yawo imachokera ku vuto limodzi lodziwika bwino limene anabadwa nalo. Koma m'zipatala za kuno kum'mwera kwa Sahara madokotala akhala akuona chinthu chodetsa nkhawa, chakuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi alionse amakhala asanafike zaka 40. Dokotala Leolin Katsidzira wa pa University of Zimbabwe ndi anzake anafufuza nkhaniyi pakati pa odwala a muno, ndipo zimene anasindikiza mu 2019 zinasonyeza kuti vuto la kumtundu lotchedwa Lynch syndrome lilipodi pakati pathu, ngakhale kuti silo limene likudwalitsa achinyamata onsewo. Choncho iyi si nthenda ya azungu okha ayi.

Chimene chimalakwika m'thupi

Taganizirani buku la mayina la bungwe la maliro. Likadzaza, mlembi amakopera mayina onse m'buku latsopano, ndipo pambuyo pake pamabwera wina wowerenga mzere ndi mzere, kukonza pamene mlembi waphonya. Thupi limachita zomwezo. Selo lililonse likamagawikana limakopera malangizo onse a mu DNA, ndipo pali tizigawo ta DNA timene ntchito yake ndi kuyang'ana zolakwika n'kuzikonza. Tinayi todziwika kwambiri ndi MLH1, MSH2, MSH6 ndi PMS2. Munthu aliyense amakhala ndi tiwiritiwiri, kena kochokera kwa mayi, kena kwa bambo. Wobadwa ndi Lynch syndrome amabadwa kamodzi kali kowonongeka kale. Kotsalako kamagwira ntchito bwinobwino kwa zaka zambiri, munthu n'kumayenda wathanzi, koma tsiku lina m'selo limodzi la m'thumbo nakonso kamafa. Kuyambira pamenepo zolakwika zimangounjikana popanda wokonza. N'chifukwa chake ulendo wochoka pa kamnofu kufika pa khansa, umene kwa ena umatenga zaka 10, kwa munthu wa Lynch ungatenge chaka chimodzi mpaka zitatu zokha.

Kafukufuku wa kumayiko a azungu akusonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 300 alionse ali ndi vutoli, ndipo ochuluka sadziwa. Kukula kwa chiopsezo kumadalira kachigawo kamene kawonongeka. Kwa amene vuto lili pa MLH1 kapena MSH2, pafupifupi theka amadzadwala khansa ya thumbo pa moyo wawo, ambiri ali m'zaka za m'ma 40. Kwa a PMS2 chiopsezo n'chotsikirapo kwambiri. Chotupa cha Lynch chimakondanso kumera mbali ya kumanja ya thumbo, kutali ndi kotulukira, kumene chimatha kumachucha magazi pang'onopang'ono osaoneka ndi maso. Munthu amangofooka, kupuma movutikira akakwera masitepe, kuchipatala n'kumuuza kuti magazi achepa, n'kumupatsa mapiritsi owonjezera magazi. Mwamuna wa zaka 38 sayenera kuchepa magazi popanda chifukwa, ndipo mapiritsi okha si yankho mpaka chifukwacho chitapezeka.

Kholo likakhala ndi vutoli, mwana aliyense akhoza kulitengera kapena ayi, mwayi wake ndi theka ndi theka. Maerewo amagwera mwana aliyense payekha, moti pa ana asanu akhoza kutengera onse, kapena mmodzi, kapena osapezeka ndi mmodzi yemwe. Amene sanatengere sangapatsire ana ake, mzere wake wamasuka. Nthawi zina zimaoneka ngati nthenda yadumpha m'badwo, koma kawirikawiri zimakhala kuti kholo la pakatilo linali nalo vuto, kungoti silinadwale, kapena linatsogola ndi ngozi ya pamsewu kapena Edzi khansa isanafike. M'mabanja athu ambiri zaka za m'ma 1990 zinatenga m'badwo wathunthu wa anthu a zaka 30, ndipo zimenezi zinafufuta zizindikiro zimene zikanaoneka.

Pano pali pamene ife Achewa, Amang'anja ndi Ayao tiyenera kusamala. Mwambo wathu umawerenga mtundu kuchikazi. Ukafunsa munthu za kwawo amakuuza za amayi ake, agogo ake aakazi, amalume amene ndi eni mbumba. A kuchimuna timawalemekeza, koma mbiri ya matenda awo ambirife sitiidziwa bwino, makamaka ngati ukwati unatha ana ali aang'ono. Anansi athu Achishona amawerenga mwa njira inayo, kutsata bambo ndi mutupo. Koma DNA siyendera mwambo wa aliyense. Vutoli limadutsira mwa mayi kapena mwa bambo mofanana, ndipo limafika kwa mwana wamkazi kapena wamwamuna mofanana. Banja limene lasonkhanitsa mbiri ya mbali imodzi yokha laona theka la nkhani.

Amayi ali ndi katundu wina wapadera. Lynch syndrome imabweretsanso khansa ya m'kati mwa chiberekero, ndipo kwa amayi ambiri a m'mabanja amenewa imeneyi ndi imene imayamba kuonekera, thumbo lisanadwale. Tisaisokoneze ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene ndi yofala kwambiri pakati pa amayi a mu Zimbabwe ndi ku Malawi. Ya khomo imayamba ndi kachilombo ka HPV ndipo si ya kumtundu. Kuyeza kwa VIAC kumene amayi amapangitsa m'makiliniki a m'makomboni kumayang'ana khomo lokha, sikuona za m'kati. Ndiye wina akati "mayi aang'ono anamwalira ndi khansa ya chiberekero", funso lotsatira likhale lakuti, ya pakhomo kapena ya m'kati? Yankho lake likhoza kusintha mmene dokotala angalionere banja lonse. Makhansa ena amene amayenda limodzi ndi Lynch, ngakhale mochepa, ndi a m'thumba la mazira, a m'chifu, a matumbo aang'ono ndi a njira ya mkodzo.

Anthu anadziwa bwanji

Amene anayamba kuzindikira sanali dokotala. Mu 1895, ku Michigan ku America, mayi wina wosoka zovala anauza dokotala Aldred Warthin kuti akudziwa kuti adzafa ndi khansa ali wamng'ono, chifukwa kwawo onse amafa ndi khansa ya m'mimba, ya matumbo kapena ya chiberekero. Anamwaliradi ndi khansa ya chiberekero. Warthin sanamuseke. Analondola abale ake mmodzimmodzi, n'kulemba za banjalo mu 1913, ndipo analitcha Family G. Mu 1966 dokotala Henry Lynch anafotokoza mabanja ena awiri ofanana nalo, pa nthawi imene akatswiri ambiri sankakhulupirira kuti khansa ingakhale ya kumtundu. Tizigawo ta DNA toyambitsa vutoli tinayamba kupezeka mu 1993 ndi 1994, ndipo patapita zaka zoposa 100 chilankhulire mayi uja, zidzukulu za banja lake zinayezedwa n'kupezeka kuti vuto lawo lili pa MSH2. Kwa nthawi yonseyo chida chimene chinalipo chinali pepala, cholembera ndi anthu okumbukira.

Kuchokera m'mbiri zoterezi, akatswiri amene anakumana ku Amsterdam mu 1990 anakonza muyeso wosavuta kukumbukira, umene pambuyo pake unakulitsidwa kuti uphatikize makhansa ena oyenda ndi Lynch aja: atatu, iwiri, mmodzi. Abale atatu odwala khansa ya thumbo kapena ina ya m'gulu lija, mmodzi mwa iwo akhale kholo, mwana kapena m'bale wa bere limodzi wa awiri enawo. Mibadwo iwiri yotsatizana. Ndipo mmodzi akhale woti anapezeka nayo asanakwane zaka 50. Banja limene likukwana apa lisadikire chilichonse. Koma muyesowu umaphonya mabanja ambiri, makamaka ang'onoang'ono ndi amene mbiri yawo inabalalika, choncho kusakwana sikutanthauza kuti muli pabwino. Munthu mmodzi yekha wodwala khansa ya thumbo asanafike zaka 50, kapena wodwala makhansa awiri osiyana a m'gululi, ndi chifukwa chokwanira chofunsira.

Palinso vuto lina losowa kwambiri koma laukali, lotchedwa FAP, lochokera pa kachigawo ka APC. Mwana wobadwa nalo amayamba kumera timinofu mazanamazana, mwinanso masauzande, m'thumbo akamakula chinamwali, ndipo ngati sathandizidwa khansa imafika ndithu, kawirikawiri asanapitirire zaka 40. Timinofu tochuluka chonchi sitingadulidwe kamodzikamodzi, choncho madokotala amachotsa thumbo lalikulu lonse munthu akadali wachinyamata. Ana a m'mabanja amenewa amayamba kuunikidwa m'thumbo ndi kamera ali ndi zaka 10 mpaka 14. Pafupifupi mmodzi mwa anayi odwala FAP amakhala woyamba m'banja mwake, makolo alibe. Chipatala cha St Mark's ku London chinayamba kusunga kaundula wa mabanja a FAP mu 1924, ndipo njira yoitana abale asanadwale inayambira kumeneko.

Mbiri yathu ili mbali ziwiri za malire

Muno tili ndi kaundula wa khansa, Zimbabwe National Cancer Registry, amene anakhazikitsidwa mu 1985 ndipo ali pa Parirenyatwa. Amawerenga odwala, ntchito yofunika kwambiri. Koma kudziwa kuti wodwala wa ku Dzivaresekwa ndi mphwake wa mayi amene anamwalira ku Ntcheu, zimenezo kaundula sangazidziwe. Amadziwa ndi abale okha.

Ndipo apa ndi pamene ife a kuno tili pa mavuto kuposa anzathu. Agogo athu anabwera kuchokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Chipata kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a ku Salisbury. Ambiri anatchona. Ena anasiya mkazi ndi ana kumudzi n'kukwatiranso kuno, moti tili ndi abale a magazi amodzi ku Dedza kapena ku Mangochi amene timangowadziwa pa dzina. Ena analembedwa m'chitupa dzina limene bwana wa pafamu anakwanitsa kutchula. Banja limene, likanakhala m'mudzi umodzi, aliyense akanaona kuti manda anayi aja ndi a nthenda imodzi, kuno limaoneka ngati lili ndi wodwala mmodzi yekha. Wachiwiri ali ku Lilongwe, wachitatu anaikidwa pa famu ina ku Mazowe kalekale, wachinayi ali ku Johannesburg.

Ntchito yoyamba, imene siilira ndalama, ndi kukhala pansi ndi akuluakulu amene atsala. Si nkhani yofunsa pagulu kapena mothamanga. Mumapita ndi kashuga, mumacheza za kumudzi, kenaka mumati, "Malume, pepani ndifunse nawo. Achemwali anu aja anamwalira ine ndili wamng'ono, chinawavuta chinali chiyani makamaka?" Yankho loyamba likhala lakuti anadwala m'mimba, kapena kuti anawachita chipongwe anthu. Musatsutse. Funsani zimene maso anaona. Kodi anaonda? Mimba inatupa? Ankataya magazi, ndipo ankatulukira kuti? Anawachita opareshoni, kuchipatala chiti? Anabwera ndi kathumba ka pamimba kolandirira chimbudzi? Anali ndi zaka zingati, kapena mwana wawo womaliza anali msinkhu wanji? Akuluakulu amene anasamalira wodwala saiwala zinthu zimenezi, ngakhale dzina la nthenda sanalimve. Lembani aliyense: makolo, abale a bere limodzi, ana, agogo onse anayi, amalume, azakhali, asuweni. Lembaninso amene anakalamba bwinobwino osadwala, chifukwa nawonso amathandiza dokotala kuona kumene vuto ladutsa ndi kumene silinadutse. Pepala limenelo ndi limene mupite nalo kuchipatala, ndipo mulitulutse musanafunsidwe, pakuti dokotala amene ali ndi mzere wautali panja mwina safika pa funso limeneli.

Kuyeza kwenikweni kumayambira kwa amene wadwala, osati kwa athanzi. Chotupa chikachotsedwa pa opareshoni, kapena kachidutswa kakatengedwa pounika, a kulabotale amakakwirira m'kaphula kolimba n'kumadulapo tizidutswa topyapyala toika pa maikolosikopu. Kaphulako kamasungidwa zaka zambiri. Pa kachidutswa komweko angathe kuthira mankhwala opaka mtundu oonetsa ngati tizigawo tinayi tija tikugwira ntchito. Kuyezaku amakutchula kuti IHC, ndipo pali kwina kofanana nako kotchedwa MSI. Ku England, kuyambira mu 2017, malangizo ndi akuti chotupa chilichonse cha thumbo chiyezedwe motere. Kuno wodwala kapena womudwazika ayenera kufunsa yekha ngati zachitika, makamaka wodwalayo akakhala wosakwana zaka 50. Zotsatira zikasonyeza kuti kachigawo kena kazima, sindiye kuti ndi Lynch basi, chifukwa mwa okalamba MLH1 imatha kuzima yokha popanda cha kumtundu. Chotsimikizira ndi kuyeza magazi kapena malovu, kumene nthawi zambiri kumafuna kutumiza ku malabotale a kunja monga a ku South Africa, ndipo mtengo wake ndi wolemera kwa banja wamba. Ubwino wake ngwakuti vuto lenileni likapezeka mwa munthu mmodzi, abale ena amangoyezedwa pamalo amodzi omwewo, ndipo pafupifupi theka la iwo amamva uthenga wabwino wakuti alibe. Ngati banja lingasonkhe ndalama za kuyeza kumodzi kokha, zipite kwa wodwalayo akadali moyo. Kuyezako kumathandizanso iye mwini, chifukwa zotupa za mtundu umenewu zimamva bwino mankhwala atsopano odzutsa chitetezo cha m'thupi, monga pembrolizumab, ngakhale kuti ndi okwera mtengo koopsa.

Kusamalira amene ali nalo

Chitetezo chachikulu ndi colonoscopy, kuunika m'thumbo ndi kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kunsonga. Anthu amakuopa, ena amachita nako manyazi, choncho ndi bwino kunena mmene kumakhalira. Chovuta kwambiri ndi dzulo lake. Munthu amasiya nsima, ndiwo zamasamba ndi chilichonse cholimba, amangomwa zamadzimadzi zoyera, kenaka amamwa mankhwala otsuka m'mimba osungunula m'madzi ambiri. Usiku umenewo sagona kutali ndi chimbudzi, ndipo kumene madzi a m'mipope amavuta, monga timadziwira m'makomboni mwathu, ndi bwino kutungiratu zidebe. Amatsekula mpaka zotuluka zikhale madzi oyera achikasu. Osanyengerera pamenepa, chifukwa thumbo likapanda kuyera kamera siona timinofu tating'ono, ndipo ta Lynch timakonda kukhala tophwatalala, tovuta kuona. M'mawa mwake amagona chammbali, cha kumanzere, amamubaya mankhwala ogonetsa pang'ono, ndipo ntchito yonse imatenga pafupifupi theka la ola. Kamnofu kakaoneka, dokotala amakakola ndi kawaya n'kukadula pomwepo, munthu osamva kuwawa. Amadzuka mimba ili yodzaza mpweya, amafuna womuperekeza kunyumba, mawa lake amapita kuntchito. Ngozi monga kutaya magazi kapena kubooka kwa thumbo zimachitika, koma mwa apo ndi apo.

Kwa munthu wa Lynch amene vuto lili pa MLH1 kapena MSH2, kuunikaku kumayamba ali ndi zaka 20 mpaka 25 ndipo kumabwerezedwa chaka chilichonse kapena zaka ziwiri zilizonse, moyo wonse. A MSH6 ndi PMS2 amayamba mochedwerapo, cha m'ma 30 mpaka 35. Ku Finland anatsatira mabanja otere kwa zaka 15, ndipo mwa amene ankaunikidwa khansa ya thumbo ndi imfa zinachepa ndi zoposa theka. Chitsanzo chimene chimandilimbitsa mtima kwambiri chili pafupi, ku South Africa. M'chigawo cha Northern Cape muli mabanja akuluakulu a anthu osauka okhala m'matauni ang'onoang'ono, amene ali ndi vuto limodzi la MLH1 lochokera kwa kholo limodzi lakale. Akatswiri a University of Cape Town ndi chipatala cha Groote Schuur, motsogozedwa ndi Raj Ramesar ndi Paul Goldberg, anawalondola, anawayeza, ndipo kwa zaka zambiri akhala akunyamula makina ounikira pa galimoto kupita nawo kuzipatala za kumidziko. Amene ankabwera kudzaunikidwa anakhala moyo wautali kuposa amene sankabwera. Zinatheka mu Africa muno, pakati pa anthu opanda ndalama.

Nanga banja limene mbiri yake ikuloza ku Lynch koma ndalama zoyezera magazi palibe? Madokotala amatha kulitenga ngati lili nalo vutolo, n'kuyamba kuunika ana ndi abale a bere limodzi a wodwala. Ngakhale pamene palibe chikaiko cha Lynch, munthu amene kholo lake kapena m'bale wake anadwala khansa ya thumbo asanakalambe amalangizidwa kuunikidwa ali ndi zaka 40, kapena kutatsala zaka 10 kuti afike msinkhu umene m'baleyo anapezeka nayo, kutengera chimene chayamba kufika. Mu Harare kuunikaku kumachitika m'zipatala zikuluzikulu monga Parirenyatwa ndi kwa madokotala oima paokha, ndipo njira yake imayambira pa kalata yochokera kukiliniki kapena kwa dokotala wanu. A Cancer Association of Zimbabwe, amene ali mu Livingstone Avenue, amapereka uphungu kwa odwala ndi mabanja awo.

Aspirin amathandizanso. Kafukufuku wotchedwa CAPP2, amene anatsogolera ndi John Burn wa ku Newcastle, anapeza kuti anthu a Lynch amene anamwa aspirin tsiku ndi tsiku kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo anadwala khansa ya thumbo mocheperapo m'zaka zotsatira. Koma musathamangire kukagula pa shopu. Aspirin amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kutaya magazi, mlingo wake ayenera kunena ndi dokotala, ndipo salowa m'malo mwa kuunika. Kwa amayi, kutaya magazi kulikonse kosayenda ndi nthawi yake, makamaka atasiya kusamba, n'kofunika kukaonetsa sabata yomweyo. Amene amaliza kubereka amatha kukambirana ndi dokotala zochotsa chiberekero ndi thumba la mazira cha m'ma 40, zimene zimachotseratu chiopsezo cha mbali imeneyo. Ndi chisankho cholemera, ndipo mwini thupi ndiye womaliza kulankhula, osati mwamuna kapena apongozi. Fodya ndi kunenepa kwambiri zimawonjezera chiopsezo ngakhale kwa a Lynch.

Pakati pa kuunika kumodzi ndi kwina, zizindikiro sizidikira tsiku la kuchipatala. Magazi m'chimbudzi, kusintha kwa kapitidwe ka kuchimbudzi kwa masabata angapo, kudzimbidwa kosinthana ndi kutsekula, kuonda kosadziwika bwino, kupotokola m'mimba kosatha. Wachinyamata akafika nazo kukiliniki, zoyamba kuganiziridwa ndi matenda a mudzi, kamwazi kapena likodzo, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi zimenezo. Koma amene kwawo kuli mbiri imeneyi anene momveka, "Adokotala, bambo anga anamwalira ndi khansa ya thumbo ali ndi zaka 44," ndipo mankhwala akapanda kuthandiza abwererenso, asakhale miyezi akusinthasintha mapiritsi ndi zitsamba.

Kuuza abale

Mbali yovuta kuposa zonse si ya kuchipatala. Munthu amene wauzidwa kuti ali ndi Lynch wanyamula uthenga wa anthu ena khumi kapena makumi awiri, ndipo dokotala sangawauze popanda chilolezo chake. Zifukwa zobisira n'zomveka. Mtsikana amaopa kuti akuchimuna akamva abweza ukwati. Mayi amaopa kunenedwa kuti wabweretsa nthenda pa ana a eni ake. Pamene abale anadana kale chifukwa cholozana zala za ufiti pa maliro apitawo, woyamba kulankhula ndani? Koma ndikuona kuti uthenga womwewu ukhoza kuchotsa chitonzo pa gogo amene wakhala akunenedwa kwa zaka kuti akudya adzukulu ake. Palibe amene anasankha kubadwa ndi vutoli, palibe amene anapatsira mwana wake mwadala, ndipo silipatsirana pogona limodzi, podyera mbale imodzi kapena posamalira wodwala.

Mwambo wathu uli nayo kale njira yodutsira nkhani zolemera. Mwini mbumba akaimva bwino n'kuivomereza, amaitana mbumba yake ndipo anthu amamvera. Kumbali ya bambo mungadzere kwa azakhali kapena bambo aakulu. Ena amapempha m'busa kapena mkulu wa mpingo kuti akhalepo. Pa gulu la WhatsApp la banja si poyambira pabwino, chifukwa uthenga wotere ukafika munthu ali yekha pa kombi umangosiya mantha. Aliyense ali ndi ufulu wokana kuyezedwa, ndipo ena amafuna miyezi kuti aganize. Ana a m'mabanja a Lynch sayezedwa mpaka atakwana zaka 18 n'kusankha okha, popeza palibe chimene chingachitike ali aang'ono. A FAP okha ndi amene amayezedwa akadali ana.

Kwa abale a ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia, mawu a pafoni okha sakwanira. Munthu akafika pa Kamuzu Central ku Lilongwe kapena pa Queen Elizabeth ku Blantyre n'kunena kuti asuweni a ku Harare akuti kwathu kuli khansa, dokotala alibe pogwira. Pemphani dokotala wanu wa kuno kalata yaifupi yonena nthenda imene yapezeka, msinkhu wa wodwala, dzina la kachigawo ka DNA ndi malo enieni a vutolo ngati magazi anayezedwa, komanso kuunika kumene abale akufunika. Phatikizanipo kope la zotsatira za kulabotale ndi pepala lija la mbiri ya banja. Jambulani zonse momveka bwino pa foni n'kutumiza, ndipo makope ena apite ndi munthu wodalirika pa basi ya ku Blantyre yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete. Pempheni kuti nawonso awonjezere mayina a kumeneko amene inu simukuwadziwa, ndi zaka zimene aliyense anadwalira, kenaka pepalalo libwerere kuno kuti dokotala wanu alione lathunthu.